Bayisikopo ya ku Feira ndi Jekete la Atate Anga

Tisa, tandipatsa kafoni kako ndione chimene chikukuseketsa wekhawekha ngati wapenga. Ee, ndi kanema? Anthu onsewa akukwana m'kagalasi aka? Nanga wakuuza ndani kuti kanemayu watuluka? Palibe? Wangolowa yekha m'thumba mwako? Ana inu zinthu zanu n'zodabwitsa. Masiku athu kanema ankayenda ulendo ngati munthu. Ankatopa, ankatitimira m'matope, ndipo asanafike pankakhala munthu womutsogolera, wokauza midzi kuti mlendo ali m'njira. Kuno ku Feira munthu ameneyo anali agogo anu aamuna, malemu aZuze. Khalani pansi pamthunzi pano mundithandize kusankha masauwa, ndikuuzeni m'mene kanema anatsala pang'ono kundilanda mwamuna. Dalitso, ndati kusankha, sindinati kudya.

Ife sitinkati kanema, tinkati bayisikopo. Inali m'zaka za m'ma fifite, ine ndili mtsikana wosatha kukhala pansi. Inkabwera pagalimoto ya boma kuchokera ku Lusaka, nyengo yachilimwe msewu ukauma. Galimotoyo inkanyamula makina oonetsera, injini yopangira magetsi, chinsalu choyera chokula ngati khoma la tchalitchi, ndi zitini zozungulira zaphanthiphanthi. M'zitinimo ndi mmene munkakhala filimu, yokulungidwa ngati lamba wautali. Musaganize kuti boma lililonse linali ndi chitini chake. Chitini chimodzimodzicho chinkazungulira dziko lonse, ndipo ife a ku Feira, popeza tili kumapeto kwa msewu, tinkalandira anzathu onse atakhuta. Pofika kuno filimu inkakhala itakalikakalika, mizere yokhayokha kutsika pachinsalu. Ine ndinakula ndikudziwa kuti kwawo kwa azungu mvula imagwa tsiku lililonse, ngakhale m'nyumba, ngakhale pabedi. Pomwe inaduka ankangodula n'kumata. Munthu ankakwera kavalo ali bwinobwino, kuphethira kamodzi, akazi ake akumulira kale.

Poyamba a boma ankaitana anthu ndi mapepala a zithunzi. Amesenjala ankawamata pamilambe ndi phala la ufa. Odziwa kuwerenga anali ochepa, koma mbuzi za ku Mburuma zinkadziwa fungo la phala. Pofika madzulo pamtengo pankatsala kangodya kokha. Bwana wa paboma atamva kuti uthenga wake ukuthera m'mimba mwa mbuzi, anati pafunika munthu wapakamwa. Sanafufuze nthawi yaitali. Feira yense ankadziwa kuti Zuze akanong'oneza kuno, a ku Zumbo kutsidya amayankha.

Anamupatsa njinga yakuda, belu, ndi lipenga la chitini lolankhuliramo. Galimoto isanafike, iye ankanyamuka kuzungulira midzi. Filimuyo ankakhala asanaione, pakuti chitini chikadali m'njira, koma zimenezo sizinkamuvuta. Ku Mburuma ankati muli mbuzi zazikulu ngati abulu. Kwathu ku Mphuka, m'mbali mwa Zambezi, ankati muli nsomba yomeza bwato. Akapeza amayi pamtondo ankati muli ukwati ndi mkazi wachiwiri wanjiru. Anthu akakaona kuti ndi filimu yophunzitsa kukumba chimbudzi, m'mawa mwake ankamufunsa, iye n'kuyankha kuti mbali yabwinoyo anaidula a ku Petauke. Ndipo ulendo wotsatira anthu omwewo ankabweranso.

Ine ndinamukonda chifukwa cha pakamwa pomwepo. Atate anga, aDomingo, anamuda chifukwa cha pakamwa pomwepo. Iwo anali msodzi, wobadwira ku Zumbo, munthu wa tchalitchi, wolankhula mawu ochepa ngati akuwagula. Amalume ake a Zuze atabwera kudzanena za ukwati, atate anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Mnyamatayo amagwira ntchito yanji?"

"Amalengeza bayisikopo, baba."

"Ndiye kuti amakuwa. Tambala wanga nayenso amakuwa m'mawa uliwonse, koma sanabwerepo kudzapempha mwana wanga."

Nkhani inathera pomwepo. Ine ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe ya mapira.

Tsopano mvetserani, pali china chimene chinachitika nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Kunabwera mzungu wojambula, wofiira ngati nkhanu yophika, ndi kalaliki womumasulira. Ankafuna kujambula usodzi wa pa Zambezi, ndipo anthu anamulozera kwa atate, pakuti poponya ukonde panalibe wowaposa. Atate atamva kuti adzaoneka pachinsalu anakana kupita ndi kabudula wawo wa masiku onse. Anavala jekete lakuda lopitira ku Misa, chipewa, ndi nsapato. Nsapato m'bwato, ana inu! Amayi anawauza kuti achule adzaseka, koma iwo sanamve.

Tinapita kuchisumbu chamchenga, kutali ndi maso a anthu. Wopalasa ndinali ine, chifukwa alongo anga onse anali kumigodi. Mzungu anaimika makina ake pamchenga n'kuyamba kupukusa. Atate anaimirira kutsogolo kwa bwato, anazunguza ukonde, anauponya, unatambasuka bwino kwambiri. Ndiye mzungu uja anakuwa kuti avule chipewa apereke moni. Atate anakweza dzanja, nsapato inaterera, ndipo ndinangoona miyendo iwiri m'mwamba. Phuvu! Chipewa chinayamba ulendo wa ku Tete chokha.

Atavuuka sanayang'ane ine. Anapita kwa kalaliki, madzi akuchucha m'matumba, nati, "Muuzeni bwanayu kuti pamene ndagwapo achotsepo." Mzungu anagwedeza mutu, akupukuta misozi, nati yesi, yesi. Pobwerera atate anandiuza kuti, "Rozina, zimene waona zatsala pachisumbu. Amako ukawauze kuti jekete ndalichapa." Ine ndinasunga pakamwa. Ngakhale Zuze sindinamuuze.

Miyezi inapita, kunatentha kutentha kuja kwa kuno komwe nkhuku zimayenda zitayasama. Woyendetsa makina a bayisikopo anali aMulenga, bambo wa ku Kitwe wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa miyala, amene Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chibemba mwakuti agogo a kumidzi ankangomva phokoso. Iwowa anatumiza mawu kwa Zuze kuti chitini chikubwerachi n'cha nsomba za ku Feira, ndipo ulendo uno oyamba kuchiona tikhala ife. Zuze anaona kuti mwayi wake wafika. Anati akakweza dzina la atate, mtima wawo udzafewa.

Anakwera njinga. Anayamba ku Boma, anakafika ku Mburuma, anatsika m'mbali mwa Zambezi yonse. Ine ndinamumva ndili padooko ndikutsuka mbale, mawu akubwera patsogolo, njinga pambuyo.

"Mverani, mverani! Mwatopa kuona azungu pachinsalu? Loweruka lino ku Mphuka mudzaona munthu wanuwanu! ADomingo, mfumu ya ukonde, amene ng'ona zimawapatsa njira! Osabwera adzamva kwa anzawo, ndipo anzawowo adzanama!"

Mbale inandipulumuka m'manja. Madzulo ndinamupeza kuseri kwa mlambe n'kumuuza kuti, "Zuze, chepetsako. Filimuyo sunaione."

"Nanga ina ija ndinaiona? Rozina, ulendo uno wokha ndiye ndikunena zoona, ndipo ukundiletsa?"

Ndikanatani? Ndinali nditalonjeza atate kuti sindiulula. Ndinangoti mumtima mwina mzungu uja anasunga yesi wake.

Atate ankachita ngati sizikuwakhudza. Ankati ndi zachibwana. Koma jekete linatuluka m'bokosi n'kukayanikidwa padzuwa, chipewa chatsopano chinagulidwa kwa mmwenye, ndipo bwato linatumidwa kutsidya kukatenga abale. Anabwera a ku Zumbo, anabwera a ku Kanyemba, anabwera ndi azakhali ena amene palibe ankakumbukira kuti ubale wake unayenda bwanji. Amayi anaphika thobwa m'mitsuko yonse ya m'mudzi. Mbuzi inagwa.

Loweruka anthu anadzaza bwalo la sukulu dzuwa likadali pamutu. Ena anachokera ku Mburuma wapansi, ana kumsana, mphasa pamutu. Tinadikira, tinadikira. M'malo mwa galimoto kunabwera mtambo wakuda, ndipo mvula yoyamba inatikwapula tonse mpaka tinathawira m'makalasi. M'mawa mwake mesenjala anafika ndi uthenga wakuti galimoto yatitimira pakamtsinje kena, kutali kumtunda kwa Luangwa, matope mpaka m'zitseko.

Alendo sanachoke. Anati tabwera kudzaona achimwene pachinsalu, tidikira. Anadikira ndi mano. Mbuzi yachiwiri inagwa, nkhuku zinayamba kugona m'mitengo yakutali, nkhokwe ya mapira inayamba kumveka ngati ng'oma. Azakhali osadziwika aja ankadya ngati akulipidwa. Atate anaitanitsa Zuze. Iye anabwera, anagwada patali n'kuomba m'manja.

"Iwe mnyamata," anatero atate, "waitana dziko lonse pakhomo panga. Chinthu chako chija chikapanda kufika, njinga yako isadzadutsenso m'mudzi muno. Ngakhale belu lake ndisadzalimve."

Apa ndiye ndinaona kuti agogo anu sanali pakamwa pokha. Anasonkhanitsa anzake opalasa, anatenga mabwato aakulu, anakwera Luangwa kukafuna galimoto ija. Anapeza aMulenga atakhala padenga la galimoto, tayi ili m'khosi, akuopa ng'ona zimene kunalibe. Kuwanyengerera kuti makina a boma akwere bwato inali ntchito. AMulenga ankati makinawo akanyowa amangidwa. Zuze anawayankha kuti akapanda kunyowa ndiye amangidwa ndi azakhali a ku Zumbo, ndipo kumeneko kulibe apilo. Anasenza makina, injini, chinsalu ndi zitini mpaka kumtsinje. Anatsika Luangwa, anakhota pamathiriro, anakwera Zambezi. AMulenga ulendo wonse anakumbatira chitini pachifuwa, maso ali chitsinzire, akupemphera m'Chibemba.

Atafika padooko lathu, Zuze anaimirira m'bwato ndi lipenga lake. Anali atatopa, manja atatupa, koma anakuwa kuti, "Bayisikopo yabwera pamadzi kudzalemekeza msodzi!" Anthu anathamanga kuchokera m'minda, makasu ali m'manja.

Dzuwa litangolowa chinsalu chinamangidwa pakati pa mitengo iwiri, injini inayamba kugunda. Atate anawaikira mpando patsogolo penipeni, jekete, chipewa chatsopano, ndodo pakati pa miyendo. Ine ndinakhala ndi amayi kumbali ya akazi. Mwambo wake unali wakuti aMulenga amayendetsa makina, Zuze n'kumafotokozera anthu pachimkuzamawu, chifukwa mawu a m'filimu anali Chingerezi. Anayamba ndi kafilimu ka anyamata a pa akavalo. Agalu a m'mudzi anauwa akavalowo, mmodzi anakazungulira kuseri kwa chinsalu kukawadikirira. Kenako aMulenga anatsegula chitini chathu.

Ana inu, simungamvetse. Inu mumadzijambula m'mawa, masana, ngakhale mukudya. Ife tinali tisanaonepo malo athu pachinsalu. Linatuluka phiri la kutsidya, anthu anakuwa. Linatuluka dooko lathu, akazi analuluta. Inatuluka mbuzi ya aFulansisiko, mwini wake anaimirira n'kuiitana dzina. Ndiye anatuluka atate, aatali ngati mgwalangwa, jekete lili phee, ukonde paphewa. Bwalo lonse linagwedezeka. Zuze anati, "Awo! Ndinanama? Onani kaimidwe! Onani dzanja!" Ukonde unatambasuka pachinsalu chonse. Ndinaona atate pampando paja akukweza chibwano pang'ono.

Kenako dzanja linapita kuchipewa. Ine ndinatseka maso ndi chitenje, koma ndinasiya kampata.

Mzungu uja sanachotse kalikonse. Miyendo iwiri m'mwamba, nsapato zili mbuu, madzi kuthovoka, chipewa kuyandama.  Ndiye azakhali osadziwika aja, amene anatha mbuzi zathu, ndiwo anayamba kuseka. Bwalo lonse linatsatira. Anthu anagubuduka pamphasa. Amayi anandigwira mkono nati, "Ndiye kuchapa jekete kuja?" Atate anaimirira pang'onopang'ono, anatenga ndodo yawo, anatembenuka kuti azipita. Nkhope imeneyo sindidzaiiwala. Sinali yaukali ayi. Inali ya munthu wamkulu amene wavulidwa pamaso pa alendo ake. Ndinadziwa kuti ukwati wanga wamira pamodzi ndi nsapato zija, komanso kuti atate sadzakwezanso mutu padooko.

Zuze, kwa nthawi yoyamba chibadwire, mawu ofotokozera anthu anamuthera. Anathamangira kwa aMulenga n'kukuwa kuti, "Bwezani chinthuchi m'chitini! Bwezani!" Koma injini inali kukhutu kwa aMulenga, ndipo Chinyanja chawo mwachimva kale. Anangomva kuti bwezani. Makina aja anali ndi kachitsulo koyendetsa filimu chobwerera, ndipo aMulenga anakakankha.

Madzi a pachinsalu anayamba kusonkhana okha. Anatseguka pakati. Zinatuluka nsapato, inatuluka miyendo, anatuluka atate athunthu chafutambuyo, anauluka m'mwamba n'kukaima m'bwato chilili, jekete louma ngati lachokera kusitolo. Chipewa chinachoka m'dzanja n'kukakhala pamutu. Ukonde unadzikulunga wokha pamadzi, unauluka, n'kudzagwera m'manja mwawo ngati galu woitanidwa.

Kuseka kunaduka. Wina kumbuyo anati, "Mayi wanga ine!" Agogo ena a ku Kanyemba anachita chizindikiro cha mtanda.

Pamenepo mawu a Zuze anabwerera, ndipo anabwerera onse. "Mwaona? Munafulumira kuseka! Kugwa m'madzi aliyense amagwa, ngakhale mwana. Koma ndani mwa inu anatulukamo chonchi? AFulansisiko, inu munagwa chaka chatha, munatuluka ndi jekete louma? Zambezi inawameza, inazindikira kuti ndi aDomingo, inapepesa n'kuwabweza pamalo pawo, ndi ukonde womwe!"

Phokoso limene linabuka linadzutsa mvuu. Anthu ankadziwa kuti ndi makina, sanali opusa, koma chinthucho chinali chokoma kwambiri moti palibe ankafuna kuchitsutsa. Anayamba kuomba m'manja n'kumaimba dzina la atate. "Bwerezani! Bwerezani!" AMulenga, amene moyo wawo wonse anali asanaomberedwepo m'manja, anamasula tayi n'kuyamba kusewera ndi kachitsulo kaja. Atate kulowa, atate kutuluka. Atate kulowa, atate kutuluka. Akalowa anthu ankati, "Apita!" Akatuluka, "Abwera!" Atate enieniwo anali ataima pakati pa bwalo, ndodo m'manja, akuyang'ana. Sindikudziwa kuti anabwerera nthawi yanji pampando. Ndinangoona kuti akhala, ndipo pamene ankauluka kuchokera m'madzi, phewa lawo linkanyamuka pang'ono ngati akudzithandiza.

M'mawa mwake alendo anayamba kupakira, nkhokwe inapuma. Atate anaitanitsanso Zuze. Anagwada pamalo pomwe paja. Ine ndinali kuseri kwa khitchini, ndikusesa malo amodzi.

"Chitini chija chikupita kuti?"

"Ku Mburuma, baba. Kenako kumlatho wa pa Luangwa, kenako ku Petauke ndi kwina konse."

"Ndipo kumeneko akaonetsa bwanji? Kulowa kokha?"

Zuze anati, "Ku Mburuma ndikakhalako ine, baba. Ndikayamba ndi kutuluka."

"Nanga kupitirira mlatho?"

"Kumeneko kuli olengeza ena."

 Atate anati, "Uwauze amalume ako abwerenso mapira akacha. Munthu wapakamwa ngati iwe ndi woopsa kukhala naye kunja kwa banja. Koma aMulenga uwaperekeze mpaka kumlatho, ndipo kachitsulo kaja asakaiwale."

Tsache linandigwa. Atate anati, osatembenuka, "Rozina, pamenepo payera."

Ku Mburuma Zuze sanafunikenso kulonjeza mbuzi zazikulu. Ankangoti, "Bwerani mudzaone munthu amene Zambezi inamulavula!" Anthu anachoka m'midzi imene galimoto inali isanafikeko chiyambire. Akuti bwana wa paboma anadabwa kuti filimu yophunzitsa kuyanika nsomba yakokera anthu ochuluka chotere, ndipo anati anthu a ku Feira amakonda maphunziro.

Tinakwatirana mapira atacha. Za m'banja ndidzakuuzani tsiku lina, mungodziwa kuti munthu wolengeza bayisikopo akafika kunyumba salekeza. Akapha kansomba kamodzi, pofika pakhomo kakhala katasanduka mcheni wokoka bwato. Amayi ako, Tisa, atabadwa, anakalengeza ndi lipenga mpaka ku Boma, anthu n'kumafunsa kuti ionetsedwa liti. Pambuyo pake kunabwera mawailesi, galimoto ya bayisikopo inayamba kubwera mwa apo ndi apo mpaka inaleka, ndipo agogo anu anabwerera kumunda, kumene ankakuwira anyani. Anyani a ku Mphuka ndiwo anyani okha amene ankathawa asanaone munthu.

Chitini chija sitinachionenso. Chinapita kumene zitini zinkapita. Koma zaka zingapo zitadutsa, tsiku lina ndinaperekeza atate ku Boma kukagulitsa nsomba zouma. Tsitsi lawo linali litayamba kuyera. Panafika Mnsenga wina wa ku Petauke wogula nsomba. Anasankha, anasankha, kenako anasiya nsomba n'kuyamba kuyang'ana atate. Anawayang'ana kumaso, anawayang'ana kumapazi.

"Pepani akulu," anatero, "nkhope yanu ndikuidziwa. Si inu munali pabayisikopo? A jekete aja?"

Atate anati, "Ndine."

Munthu uja anayamba kugwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. "Si inu munagwa m'madzi, miyendo m'mwamba? Kwathu tinaseka mpaka ana anadzuka!"

"Nanga pambuyo pake munaona chiyani?"

"Pambuyo pake? Palibe. Zinabwera za kuyanika nsomba."

Atate anamuyang'ana ndi chisoni chenicheni, ngati munthu amene waberedwa. Anatenga kamlamba kamodzi n'kumuikira pamwamba pa mulu wake, nati, "Tenga aka, mwanawe, n'kaulere. Kwanu anakuonetsani chobwerera."